Kulira kwa njinga ya malemu

Pa siteji ya Tsangano, dzuwa litapendeka, mayi wina ankangoyang'ana kumsewu. Bambo amene ankadikira basi pambali pake anayamba kumufunsa.

"Mukudikira ndani, mayi?"

"Mwana wanga Dyton. Wapita m'mawa ku Mlangeni ndi matumba anayi a kachewere pa njinga yamoto ya malemu bambo ake."

"Anayi! Njinga yanji imeneyo?"

"Zakale zija za alangizi. Bambo ake anayenda nayo zaka makumi awiri osasintha ngakhale kalilole. Iye waidula kumbuyo, n'kuwotcherera kaliyala wamtali."

"Nanga mabuleki anasintha?"

"Ndi omwewo."

"Mayo ine! Mabuleki amenewo anapangira munthu mmodzi ndi kachikwama. Ndiye pamtsetse wopita ku Mlangeni paja... Ayi, musade nkhawa, mwina waima penapake."

Njinga ina inamveka kuseri kwa phiri, mayi uja n'kuimirira.

"Si imeneyo?"

"Sindikudziwa, bambo. Kale ikangolira kutsidya uko ndinkadziwa kuti bambo ake afika, n'kutereka madzi osamba. Koma mwanayu anasinthanso paipi ya utsi, akuti inkatsokomola ngati nkhalamba. Ndiye iliyonse ikalira ndikumaimirira."

"Mwaimirira kangati lero?"

"Aka n'kachisanu ndi chiwiri."