Dokotala Amene Ankawerenga Mphindi Yathunthu

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1988, ndipo anali achisamba m'banja la ana asanu. Bambo athu ndi telala, mayi athu anali mphunzitsi. Ine ndine mzime, ndangolemba kumene mayeso omaliza a sekondale. Mbiri ngati iyi amayenera kuwerenga amalume, koma achemwali anasankha ine akadali moyo. Anati ndimawerenga ngati ndikuthawa galu, ndiye lero ndiphunzire kudekha. Amalume, ndikayamba kuthamanga mundikoke diresi.

Anayamba sukulu mu 1994. Bambo amati akawauza kuti angoyerekeza mabatani amene atsala m'chitini, iwo ankawakhuthulira pa tebulo n'kuwerenga limodzilimodzi, kasitomala ali chiimire pakhomo. Mu 2002 anapita ku sekondale, ndipo mu 2006 anasankhidwa kukaphunzira udokotala. Chaka chomwecho ndinabadwa ine, miyezi isanakwane, pakuti ngakhale m'mimba sindinathe kudikira. Pa tchuthi achemwali ankakhala pambali pa bedi langa, maso ali pa kachifuwa kanga, kuona ngati kakukwera ndi kutsika. Ankati udokotala wa ana anausankhira pamenepo.

Anamaliza maphunziro mu 2012 n'kuyamba ntchito pachipatala chachikulu. Mu 2013 kamuvi ka masekondi ka wotchi yawo kanaima, ndipo anaipititsa kwa mnyamata wina wokonza mawotchi, amene kashopu kake kali pakati pa wometa ndi wosoka nsapato. Ntchitoyo inali ya theka la ola. Mnyamatayo anawauza kuti abwere mawa. Mawa lake anati kasipuling'i sikanapezeke. Anawayendetsa choncho kanayi. Mnyamatayo ndiye alamu angawa, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti anawapusitsa. Ine ndikuti munthu wodziwa matenda pongoyang'ana maso a khanda anazindikira tsiku loyamba, ndipo ankangobwererako chifukwa nawonso anafuna. Anakwatirana pa 9 Ogasiti 2014. Gawo limeneli ndinalemba masamba atatu, mayi andidulitsa.

Mu 2019 malemu anakhala katswiri wa matenda a ana. Kuchipinda chimene ankagwira ntchito, mzere wa amayi umayambira pa benchi ya pakhomo n'kukhota mpaka kumasitepe. Pofuna kudziwa ngati mwana ali ndi chibayo, amawerenga kapumidwe kake. Chifukwa cha mzerewo, panali chizolowezi chowerenga masekondi 15 okha n'kuchulukitsa kanayi. Koma khanda silipuma ngati wamkulu. Limathamanga, limaima pang'ono, limayambanso. Tsiku lina mwana wa miyezi isanu anawerengedwa mwachidule chotero, anapezeka ngati ali bwino, anabwezedwa kunyumba. Anabweranso naye patapita masiku awiri, ndipo zinali zitachedwa. Amene anawerenga tsiku limenelo anali achemwali eni ake. Anandiuza kuti ndisabise zimenezi.

Kuyambira mu 2020 mpaka 2022 anachita kafukufuku. Mwana aliyense wobwera ndi chifuwa ankamuwerenga kawiri, mwachidule ndiponso mphindi yathunthu, n'kulemba m'kope. Makope amenewo anadzaza shelefu yonse ya kuchipinda chochezera, mpaka alamu anasamutsa wailesi. Anasonyeza kuti njira yachidule inkaphonya ana ambiri odwala. Anapempha zinthu ziwiri: wotchi pa khoma lililonse, ndi lamulo lolembedwa loti pachipatalapo mwana aziwerengedwa mphindi yonse.

Mu Epulo 2022 dokotala wamkulu anakana. Anati mzere ukafika kumsewu. Mu Febuluwale 2023 anakananso, ati mawotchi palibe. Alamu atamva, anatsitsa mawotchi akufa amene eni ake anawaiwala m'shopu, anawaukitsa khumi ndi imodzi, n'kupita nawo pamodzi ndi misomali ndi nyundo. Dokotala wamkulu anati mawotchi akhale, amakongoletsa, koma lamulo sasaina.

Malemu sanakalipe. Anatembenukira kwa ophunzira awo. Ankaima kumbuyo kwa wophunzira, dzanja lili pa phewa lake, osalichotsa mpaka kamuvi katazungulira. Anamwino anawapatsa dzina loti Mphindi Yathunthu, ndipo akawaona akubwera ankanong'onezana kuti tiyi wazizira basi. Ankaphunzitsanso amayi pa benchi pomwepo kuti akaona namwino wafulumira, azinena mwaulemu kuti kamuvi sikanafike. Ena mwa amayi amenewo ndikuwaona kumbuyoko.

Mu Novembala 2023 malemu anapezeka ndi khansa. Anagwira ntchito mpaka mu Malichi chaka chino, miyendo itayamba kukana masitepe. Imfa sankaiopa kwenikweni. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chakuti akachoka, popanda lamulo, ophunzira awo adzabalalika, mzere udzapambana, ndipo mawotchi aja adzakhaladi zokongoletsa.

Pa 6 Juni nkhaniyi inalowanso mumsonkhano kachitatu. Iwo sakanatha kupita, ndiye anatuma wophunzira wawo, mtsikana wamanyazi. Malemu anamuuza kuti asatsutsane ndi aliyense, angopempha dokotala wamkulu kuti awerenge okha mwana mmodzi. Dokotala wamkuluyo anavomera n'kutenga khanda loyamba pa benchi. Pa masekondi 15 anapeza 11, kuchulukitsa kanayi 44, mwana woyenera kupita kunyumba. Mtsikanayo anawapempha kuti asachotse maso. Kamuvi katazungulira, anali atafika pa 57. Khandalo analigoneka m'chipatala tsiku lomwelo, ndipo linachira.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinamva kugogoda. Anali dokotala wamkulu, atavula chipewa, pepala losaina lili m'manja. Anakana kulitumiza ndi munthu. Achemwali analiwerenga mpaka pansi, kenako anawafunsa ngati mzere wafika kumsewu. Iwo anayankha kuti wangofika pageti. Anaseka onse awiri mpaka achemwali anatsokomola. Adokotala, mwakhala kutsogoloku, banja likukuthokozani. Kutembenuka pamaso pa ana ako a sukulu si chinthu chapafupi.

Sitinadziwe kuti iwo omwewo anatumiza dzina la malemu ku bungwe la madokotala a ana. Pa 2 Julayi kalata inafika, yonena kuti malemu apambana mphoto ya madokotala achinyamata chifukwa cha kafukufuku, kuphunzitsa ndi kulankhulira ana. Ndinawawerengera ndine, ndipo ndinaimaliza ndi mpweya umodzi. Anati ndibwereze, kalata yotere samaimeza ngati piritsi. Ndinabwereza. Atamva anafunsa ngati mabatire a wotchi ya pafupi ndi sikelo asinthidwa. Ine ndinali nditayamba kale kulota diresi limene adzavale pokalandira mphotoyo mu Sepitembala. Akalandira ndi alamu ndi ana.

Malemu anatisiya m'mawa wa pa 9 Julayi 2024, kunyumba, ali ndi zaka 36. Asiya amuna awo, ana awiri, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinayi ndi mtsikana wa zaka zisanu, bambo ndi mayi, azichimwene atatu, ndi ine. Tikuthokoza anamwino amene ankasinthana kudzawasamalira akaweruka, ophunzira amene anyamula bokosi, wometa ndi wosoka nsapato amene akhala akutsegula shopu ya alamu miyezi inayi, ndi inu nonse aneba amene mwatibwereka mipando.

Kwatsala chinthu chimodzi. Pamaliro anthu amati tikhale chete mphindi imodzi, ndipo achemwali ankadandaula kuti siikwana, wina amatsokomola pakati n'kunena ameni. Alamu abweretsa wotchi ija yoyamba, imene anaichedwetsa masiku anayi. Andipatsa kuti ndiigwire ine, pa anthu onse. Ndikupempha kuti tiimirire. Kamuvi kakafika pamwamba ndikweza dzanja, ndipo sinditsitsa mpaka katabwereranso pomwepo.

Achemwali, lamulo lanu lasainidwa, mawotchi akuyenda. Mzimu wanu uuse mumtendere. Ife tiyamba kuwerenga tsopano.