Stand up ya asibweni Jailosi

Mawa lake a Jailosi amayenera kukaonana ndi mzungu wa ku esiteti ya labala, amene amafuna mlonda womva Chingerezi. Ndiye anaitana Idah, mwana wamanyazi wa mlongo wawo, yemwe anali atangomaliza Sitandade 8 ku Mpamba, kuti awaphunzitse.

Idah anagwada patali ndi mpando wawo, maso pansi.

"Stand up," ananong'ona.

"Kutanthauzanji?"

"Imirirani."

"Ndamva. Pitiriza."

"Simunaimirire, asibweni."

"Ndiimirire pakhomo panga? Wabwera ndani?"

"Palibe. Koma kusukulu mawuwa sitiphunzira titakhala. Aphunzitsi akanena, tonse timadzuka."

"Iwe ndiwe aphunzitsi? Dzana lomweli unkalira kumsana kwanga."

Idah sanagonje. Amayi ake anali atamuuza kuti asabwerere kunyumba asibweni asanakhoze.

"Mzungu akadzanena inu osadzuka, ntchito yapita."

"Miyendo yanga idzamva tsiku lakelo. Pamsonkhano wa chipani inaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Inaphunzitsidwa ndi iwe?"

"Kumeneko kunali a Yufi ndi zikoti."

"Chepetsa mawu, iwe," anatero a Jailosi, akucheukira kumsewu.

Idah anaganiza pang'ono, nakwawira ku mulu wa mitengo ya chinangwa, n'kusolola umodzi.

"Nanga chimenecho?"

"Wochedwa kudzuka aphunzitsi amamukwapula kawiri. Pepani, asibweni, tambasulani dzanja."

"Iwe Idah, mutu uli bwino?"

"Ndimenya pang'onopang'ono."

"Mlongo wanga anagulitsa usipa kuti uphunzire zimenezi?"

"Eya. Ndinali nambala wani."

A Jailosi sanasunthe pampando.

"Tandiuza. Awa ndi mawu odzutsira munthu wakuda. Odzutsira mzungu ndi ati?"

"Ndi omwewo."

"Omwewo? Aliyense akhoza kuwanena?"

"Aliyense, bola akweze mawu."

A Jailosi anakonza kukhosi. "Stand up!"

Idah anangozindukira ali chilili, manja m'mbali, mtengo uli pansi, akuyang'ana pamwamba pa dazi la asibweni ake. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

"Aa, koma ndi mawu amphamvu," anatero a Jailosi, akutsamira bwino. "Basi, sukulu yatha. Kamnyamata kachizungu kaja kamalankhula ndi akuluakulu katakhala. Mawa ndikayamba ndine kukauza."