Meseji imene ndinatumiza ndili pachulu ku Chipangali

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine Gerevazio, ndimakonza nsanja za netiweki kuno ku Chipata, ndipo ntchito inatsala pang'ono kundithera pa mlandu umene sindinapalamule.

Lamulo limati netiweki ikazima dera lonse, kampani idziwitse msanga bungwe la boma loyang'anira za mafoni. Mbali yanga ndi kuuza abwana, iwo ndiwo amalemba lipoti. Tsiku lina m'chilimwe osaka mbewa anatentha tchire ku Chipangali, moto n'kupsereza chingwe chathu. Nditafika, foni yanga inangoti zii, poti imadalira nsanja yomweyo. Mayi ena amene ankasenda nshawa, kapena kuti mtedza, pakhonde anandibwereka kafoni kawo ka mabatani, nandilozera chulu chimene anthu akumeneko amakwera kuti agwire netiweki ya kampani ina. Ndinatumizira abwana meseji ndili pachulupo, n'kuthamangira kuchingwe. Ngakhale dzina la mayiwo sindinafunse.

Lipoti silinapite. Boma litafunsa, abwana anakanitsitsa kwamtuwagalu, amvekere sindinawauze kanthu. Anandiimitsa ntchito kudikira tsiku la mlandu, ndipo m'foni yanga munalibe umboni uliwonse. Ndinawawidwa mtima, abale, chakudya sichinkalowa. Kawiri konse ndinabwerera ku Chipangali, koma ukafunsa za mayi osenda nshawa kumeneko anthu amangokuseka, pakuti khomo lililonse alipo. Korona ndinkangoigwira m'manja, mawu opempherera atandithera.

Kutatsala masiku awiri, mkazi wanga anatopa nane kukhala ndwii pakhomo, n'kundituma tomato kumsika. Ndinapita monyinyirika. Ndikusankha tomatoyo ndinamva mawu kumbuyo: "Bambo a netiweki, chingwe chija munalumikiza?" Anali mayi aja, a Tisauke, atabwera kudzagulitsa nshawa. Ndinawafunsa za meseji ija.

"Zachingerezi sindifufuta, mwanangu, mwina n'zofunika," anatero.

Pa tsiku la mlandu a Tisauke anabwera okha kuofesi, namasula kafoniko pansonga ya chitenje. Tsiku, nthawi ndi nambala ya abwana, zonse zinali momwemo. Abwana anangozyolika, ine Lolemba lake ndinabwerera pantchito.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso amayi Tisauke. Inu amene mwanamiziridwa ndipo mulibe wokuikirani kumbuyo, musaleke kupemphera ngakhale mawu atatha. Mboni yanga ine ndinakaifuna kutali osaipeza, Ambuye anadzaikhazika pamsika, tsiku limene sindinkafuna n'komwe kutuluka m'nyumba.