Giya yokana pa Njakwa

Pa siteji ya Njakwa, bambo wina wamfupi, wovala tayi, ankalimbana ndi magiya a galimoto yake, thukuta lili kamukamu. NyaMhango wogulitsa nthochi anasuzumira pawindo.

"Mukugaya chimanga mmenemo, adada?"

"Giya ikukana, mayi. Ndakwawa ndi giya wani kuchokera kunyumba, chonsecho ndine mboni pa ukwati ku Mwazisi. Makaniko akuti atsitse giyabokosi yonse."

"Malemu amuna anga ankayendetsa lole. Tazimitsani injini. Giya ikulowa tsopano?"

"Ikulowa."

"Ndiye bokosilo lilibe mlandu. Tapondani kilatchi ndione. Aa, mukungoigwedeza ndi chala chakuphazi. Mpandowu uli kutali chomene, ukokereni kutsogolo."

Bamboyo anaukoka, kuliza injini, giya n'kulowa myaa.

"Zikomo, mayi, ukwati ndiupeza. Koma anausuntha ndani? Dzulo galimotoyi inali ndi akazi anga okha."

"Ndi aatali?"

"Ayi, ndi aafupi, amandilekeza paphewa."

"Basi, galimoto yachira, adada. Matenda otsalawo si a makaniko. Gulani nthochi, muzidya m'njira mukuganiza."