Ndalama ya Bokosi

Pamzere wogulira mankhwala kuchipatala, amayi awiri osadziwana anayamba kucheza.

"Akudwala ndani, mayi?"

"Bambo a kunyumba. Khansa. Adokotala akuti inafalikira kale."

"Pepani. Nanga achibale akukuthandizani?"

"Achibale ake ati? Makina anga osokera ndinagulitsa, mwana ndamusiyitsa sukulu. Alamu anga amangobwera ndi nthochi ziwiri, n'kupemphera mokweza kuti wodi yonse imve."

"Ndalama osakupatsani?"

"Akuti ndisadandaule, zikadzavuta bokosi adzagula okha. Lodula, lonyezimira."

"Abale inu!"

"Ndiye ndinawapempha kuti ndalama ya bokosiyo andipatsiretu, ndigulire mankhwala a mwezi uno."

"Anakupatsani?"

"Anakalipa koopsa. Akuti ndine mfiti, ndikumufunira imfa m'bale wawo."