Inde, Basha

A Zaghloul, munthu amene wasita zovala za anthu a ku Damanhour zaka makumi atatu osapsereza ngakhale kolala imodzi, anatseka shopu yawo Lachisanu masana n'kupingasa thebulo lositira pakati pa chipinda kuti likhale rodibuloko. Mwana wawo Eyad, goloboyi wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali ataitanidwa kukayesedwa mpira ku Alexandria m'mawa mwake, ndipo bambowo anali atalumbira kuti mnyamatayo sakwera minibasi yekha mpaka atadziwa kuyankha wapolisi. Akalephera, apita naye atamugwira dzanja, anzake a mpira aseke mpaka atope.

"Khala pampando apo," anatero a Zaghloul. "Imeneyo ndiye minibasi."

"Ndakhala kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Zili ndi ntchito yanji?"

"Kumbuyo ndimasanza."

"Khala pakati! Wakutsogolo amamuona msanga, wakumbuyo amati akubisala." Anatulutsa magalasi akuda amene kasitomala wina anaiwala m'jekete chaka chatha. "Ndikavala awa, ndine wapolisi. Ndikavula, ndine bambo ako. Wapolisi aliyense dzina lake ndi Basha."

"Ngakhale amene wayamba ntchito dzulo?"

"Makamaka ameneyo."

Anavala magalasi aja, natulutsa mimba, namenya thebulo. "Iwe wa jezi yobiriwira! Chitupa!"

Eyad anapisa dzanja m'thumba mwachangu, mmene amachitira akaona mpira ukubwera.

"Wafa!" Magalasi anavulidwa. "Wafa kale iwe, tikulira maliro! Dzanja limapita m'thumba pang'onopang'ono, munthuyo aone kuti mulibe mpeni. Bwereza."

Magalasi anabwerera pamphuno. "Chitupa!"

Dzanja la Eyad linanyamuka pabondo ngati bilimankhwe akuwoloka msewu. Panja panadutsa wogulitsa mabotolo a gasi akugogoda chitsulo chake, phokoso linakula, linachepa, linatha, dzanja lisanafike m'chiuno.

"Lero lomwe, mwanawe!"

"Akunena zimenezo ndi ndani? Magalasi atsetsereka, ali theka."

"Tonse awiri!"

Chitupa chinatuluka. A Zaghloul anachiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kuvulanso magalasi.

"Ukundiyang'aniranji m'maso? Chimenecho ndi chipongwe."

Eyad anayang'ana pansi.

"Pansi amayang'anapo ndi wakuba."

Anayang'ana kudenga.

"Kudenga kuli chiyani? Aganiza kuti ukumunenera kwa Mulungu!"

Eyad anatsinzina.

"Ameneyo ndiye wachamba weniweni. Akutengera pomwepo."

"Ababa, maso ndili nawo awiri okha. Ndiwaike pati?"

"Pa batani lachiwiri la malaya ake. Osakwera, osatsika."

"Lanu lachiwiri linathothoka."

"Yang'ana pamene linali!"

Mnyamata anatola lisiti yakale pansi, nayamba kulemba kumbuyo kwake, lilime lili panja.

"Ukulemba chiyani?"

"Malamulowa. Ndiziwerenga m'njira, ndingaiwale."

A Zaghloul analanda pepalalo. Pamwamba pake panali mutu wolembedwa bwinobwino, wodulidwa mzere kunsi: *Njira zopulumukira kwa apolisi.* Analing'amba kanayi, anaona kuti zidutswazo zikuwerengekabe, naziponya m'tambula yawo ya tiyi.

Musawaseke kwambiri a Zaghloul. Mwana wa wometa tsitsi pamsewu womwewo anatsitsidwa m'minibasi chifukwa chofunsa kuti "Ndalakwa chiyani?", ndipo anabwera kwawo patatha miyezi inayi, thalauza akuligwira ndi dzanja kuti lisagwe. Chiyambireni, a Zaghloul akamva minibasi ikuima mwadzidzidzi, mtima umawathawa. Ankaopa, ndipo mantha awo ankatuluka ngati ukali, poti njira ina sankaidziwa.

"Tamvera tsono lamulo lalikulu," anatero atapuma. "Chilichonse chimene anganene, yankho ndi limodzi: Inde, Basha. Usatsutse, usafotokoze, usafunse chifukwa. Mawu akuti 'chifukwa chiyani' uwasiye kuno, amayi ako akusungira."

"Chilichonse?"

"Chilichonse!"

Magalasi.

"Dzina lako ndi Eyad?"

"Inde, Basha."

"Ukupita ku Alexandria?"

"Inde, Basha."

"Kukachita zionetsero, eti?"

"Inde, Basha."

"Ndipo anzako ena ali m'minibasi momwemu?"

"Inde, Basha."

"Mayo ine!" A Zaghloul anadzimenya pamphumi, magalasi n'kugwera pathebulo. "Wamangitsa minibasi yonse! Dalaivala, kondakitala, ndi mayi wa nkhuku uja wakhala pafupi nawe!"

"Munati chilichonse."

"Akakunamizira mlandu, umakana!"

"Ndinene kuti ayi?"

"Ayi! Wapolisi samuuza kuti ayi. Umakana popanda kukana. Umagwira pachifuwa n'kunena kuti, Mulungu asalole, Basha."

"Nanga inde uja?"

"Inde ndi wa chipongwe. Akakutukwana, vomera. Akakunamizira, itana Mulungu."

Eyad anawerenga pa zala. "Chipongwe, inde. Mlandu, Mulungu. Nanga akanena kuti ndine wakuba? Chimenecho ndi chipongwe komanso mlandu."

"Gwira pachifuwa, ugwedeze mutu mozungulira, asadziwe kuti wavomera kapena wakana. Tiye, tiyese chipongwe. Apa m'pamene anyamata amagwera, magazi akawira."

Anavala magalasi, anazungulira thebulo pang'onopang'ono manja ali kumbuyo, mmene anaonera ena akuchitira. Kunena zoona, zinkawakhala. Munthu amene wakhala akuweramira simbi moyo wake wonse akapatsidwa mpata woimirira mowongoka, samachedwa kuzolowera.

"Goloboyi, eti? Ndi timanja timeneti? Iwe sungagwire ngakhale chivwende."

"Inde, Basha."

"Tsitsi limeneli anakumeta ndi mbuzi?"

"Inde, Basha."

"Bambo ako amagwira ntchito yanji?"

"Amasita zovala, Basha."

"Wosita! Ntchito ya anthu amene sukulu inawakana."

"Inde, Basha."

Magalasi anagwedezeka pang'ono, koma anakhalabe pamphuno.

"Munthu wamkulu kumakhalira kusalaza makabudula a anzake. Bambo ako ndi bulu."

"Inde, Basha."

"Ndati ndi bulu!"

"Ndi bulu ndithu, Basha."

Magalasi anauluka n'kukagwera mudengu la zovala.

"Iwe! Ndithu? Ndithu? Liwu limenelo ndakuphunzitsa ine?"

"Ndinaona kuti Basha sanakhutire, ndiye ndinawonjezera."

"Munthu akutukwana bambo ako okubala pamaso pako, nkhope yako osasintha ngakhale pang'ono! Ngakhale kukukuta mano!"

"Ndikukute?"

"Akamva mano, watha!"

"Ndiye ndisakukute."

"Koma zikupweteke! Mkatimu! Zinakupweteka?"

Eyad anaganiza moona mtima. "Ndinali kalikiliki kuyang'ana batani."

"Ha! Ndalera mwala ine. Agogo ako anamenyapo munthu ndi ndodo pamsika chifukwa chonyoza ngamila yawo. Ngamila! Iwe akukutukwanira bambo, ukuti ndithu."

"Ndiye ndakhoza kapena ndalephera?"

"Walephera!"

"Pati?"

A Zaghloul sanagonjepo pa mkangano chibadwire, ngakhale ndi wotchi. "Walephera basi. Mawa tipitira limodzi. Ukakhala chete, woyankha ndikhala ine."

"Ababa, mphunzitsi wa mpira anati aliyense abwere yekha ngati mwamuna. Anzanga andiseka chaka chonse."

"Akuseke uli ndi mano onse m'kamwa."

"Nanga inuyo munayesedwa?"

"Ine? Ine ndakhala ndikunena kuti Inde Basha iwe usanabadwe! Ndinanenapo kwa mlonda wa pa banki, ndinanenapo kwa munthu wowerenga mita ya magetsi, chifukwa anavala chipewa. Ndiyese ngati ukufuna, uone mmene akuluakulu amachitira."

Eyad anavuula magalasi mudengu muja, nawavala. Bambo anakhala pampando, manja pamaondo, msana wopindika bwino, maso pa batani lachiwiri. Zinali zokongola kuona, ngati munthu wabwerera m'nsapato zake zakale.

"Iwe mdala wa mkanjo! Chitupa!"

Dzanja linayenda, osathamanga, osachedwa. "Nachi, Basha. Mulungu akuwonjezereni nyenyezi paphewa."

"Wosita zovala?"

"Wantchito wanu, Basha."

"Ndiwe bulu."

"Inde, Basha. Bulu wokalamba." Anamwetulira pang'ono, kumwetulira kwa muyezo, n'kunong'oneza cham'mbali: "Ukuona? Umu ndi mmene amachitira."

"Ukupita kukachita zionetsero?"

Dzanja pachifuwa. "Mulungu asalole, Basha. Ine ngakhale ukwati ndimathawa pakachuluka anthu."

Eyad anayenda uku ndi uku. Mafunso anali atamuthera. Kenaka anaona malaya a sukulu a mwana wa kasitomala ali pa hang'ala, anawatenga nawakhazika pambali pa bambo ake.

"Uyu ndi ndani?"

"Mwana wanga, Basha. Goloboyi. Mwana wabwino, sadziwa chilichonse."

"Iwe mdala pitiriza ulendo. Mnyamatayu atsike."

Kumwetulira kuja kunauma. "Basha?"

"Tikufuna timufunse mafunso awiri atatu kuseri kwa galimoto. Abwera."

"Mufunseni pompano, Basha. Ndimuyankhira."

"Ndati atsike." Eyad anagwira malaya aja paphewa nayamba kuwakoka, hang'ala ikukhwekhwereza pansi. "Tiye iwe. Dalaivala, yendetsa!"

"Basha, chitupa chake chili bwino."

"Yendetsa!"

"Chifukwa chiyani?"

Liwu loletsedwa lija linatuluka lokha. Ndipo silinatuluke lokha lokha, mwini wake analitsatira. Mpando unagwa chagada, thebulo lositira linapita uko, ndipo Eyad asanadziwe chimene chikuchitika anapezeka atapanikizidwa kukhoma, dzanja limodzi la bambo ake lili pakolala, lina litakumbatira malaya a sukulu aja pachifuwa.

"Musiye! Wamva? Tenga ine! Wakulakwira chiyani mwana ameneyu? Ndiwe ndani iwe? Nyenyezi zakozo ndizisita pamodzi ndi phewa lako! Galu! Mwana wa galu!"

"Ababa."

"Ukamukhudza, ndikuti ukangomukhudza..."

"Ababa, magalasi ali m'manja. Ndine Eyad."

A Zaghloul anaphethira. Anasiya kolala ija pang'onopang'ono, naisalaza ndi chikhatho kawiri, poti dzanja la wosita silisiya khwinya. Ankapuma ngati akwera nsanjika zisanu ndi mtolo pamutu, ndipo maso awo anali atanyowa. Anachita manyazi, natembenukira kukhoma kukapachika malaya aja.

"Funso limenelo silinali m'maphunziro," anatero a Zaghloul.

"Munati chilichonse."

"Chilichonse cha ine! Osati..." Anakweza dzanja, nalisiya ligwe.

Eyad anayambanso kuwerenga pa zala. "Mwafunsa chifukwa. Mwayang'ana m'maso. Mwagwira Basha pakhosi. Mwatukwana bambo ake."

"Bambo ake sindinawatchule."

"Mwati mwana wa galu. Ndiye nonse awiri, bulu ndi galu, ndinu nomwe."

"Tseka pakamwa!"

"Inde, Basha."

"Ndavula magalasi!"

"Simunavale n'komwe. Koma mawuwo ndi omwe aja."

A Zaghloul anaimika mpando, anaimika thebulo, anamwa tiyi uja osakumbukira kuti muli mapepala, nalavula. Anadziwa kuti mwana wakhoza. Anadziwanso kuti iwo alephera moipa, mochititsa manyazi, ndipo kuti mawa zitati zichitike zenizeni, alepheranso chimodzimodzi popanda kusintha liwu. Koma kulola mwana akwere minibasi yekha, iwo n'kutsala pano akuyang'ana simbi tsiku lonse? Mtima unakana.

"Tipitira limodzi basi," anatero. "Ndanena ndanena. Ndikakhala chete."

"Ngakhale anditsitse?"

"Sakutsitsa."

"Koma akanditsitsa?"

Zala za a Zaghloul zinali zitayamba kale kufumbata.

Eyad anaziyang'ana zala zija kwa kanthawi. Kenaka anakhala pampando, anaika manja pamaondo, nakweza nkhope ngati mwana wasukulu wofuna kumvetsa bwino.

"Chabwino, Ababa, tipitire limodzi. Ndiye mundiphunzitsiretu za mkuja, nthawi ikadalipo. Mwana akamapita kukaona bambo ake m'chitokosi, amanyamula chiyani, bulangeti kapena chakudya?"