Chulu Chimene Chinakhotetsa Mpanda Wanga

M'zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, ntchito yanga ya ukalaliki inatha, ndipo tinasamukira kuno ku Mtendere, kumapeto kwenikweni kwa tauni, tchire likali kuoneka cha ku Chainda. Inu ana mumaseka mpanda wangawu kuti ndi wokhota. Khalani bwino, manja pamaondo, ndikuuzeni.

Ife ku mishoni anatiphunzitsa kuti mzere uziwongoka. Nditapeza malo ano ndinakhoma zikhomo n'kukoka chingwe cha mpanda, koma chingwecho chinadutsa pakati pa chulu chachikulu, ndipo ndinagamula kuti Loweruka ndichigumula, dothi lake tiumbire njerwa.

Mnansi wathu, mayi Asiyatu, mwana wa telala wochokera ku Malawi, anandipeza ndikukonza piki.

"Ba Tembo, chulu ichi chili na eni ake. Lindilani mvula."

"Eni ake ndi chiswe, mayi. Chiswe chinalembetsa liti poloti?"

"Imwe na vingwe vanu!" anatero, nachoka akuseka.

Lachisanu kunagwa mvula yamabingu. Loweruka m'mawa ndinapita piki ili paphewa, ndipo ndinapeza dothi litang'ambika pafupi ndi chikhomo changa, pataima utale, bowa uja womera pachulu, koma wotere sindinauonepo: wotambalala kuposa ambulera, tsinde ngati mwendo wa munthu, mame akali kunyezimira pamwamba. Dzulo lake panalibe kanthu! Ine amene ndinkavula chipewa m'tchalitchi mokha, ndinangozindikira chili m'manja.

Mayi Asiyatu atafika anagwada, nadula tsinde ndi mpeni mwaulemu, muzu nausiya pansi, dzenje nalikwirira. "Ni chiswe chimene chimalima uyu bowa pansi apa. Mukagumula, sazamelanso."

Utalewo anaunyamula anthu awiri, ndipo makomo asanu, a Akhristu ndi a Asilamu, anadya ndiwo tsiku limenelo, chaka chimene ambiri tinkangodalira repu. Ine ndinazula zikhomo zanga, chingwe n'kuchizunguliza kuseri kwa chulu.

Lero mukundionetsa pa lamya bowa wamkulu wa ku America, ndipo ndi wodabwitsadi, koma wathuyo ndinamugwira ndi manja awa. Zulu zonse zakuno zinasanduka njerwa, chatsala changachi. Mizere yanu muziwongola, pamenepo sindinasinthe, koma musanakweze piki muziyamba mwafunsa amene munawapeza pamalopo. Ndipo ine ndikadzapita, mpandawu musadzauwongole.